Loko wa Lolemba Masana

A Kalaliki a pa kachipatala ka amayi oyembekezera sanali munthu wotuluka thukuta wamba, koma Lachisanu limenelo kolala ya shati yawo inanyowa nthawi ya tiyi isanakwane. Anatsegulanso bokosi la imelo pa kompyuta, kachisanu ndi chiwiri chifikire m'mawa. Munali makalata atatu omwe aja a sabata yatha.

Nkhani yake inali iyi. Mzamba wamkulu wa pamalopo, amene onse ankawatchula kuti a Kankhani chifukwa cha mawu awo oti kankhani amene ankamveka tsiku ndi tsiku kuchokera m'chipinda chochiriramo, ankapuma pa ntchito atagwira zaka makumi atatu ndi zinayi. A Kalaliki anadzipereka okha kukonza phwando lotsanzikana mu holo ya pachipatalapo. Anafufuza maadiresi m'mabuku akale, natumiza makalata mazana awiri oitana amayi amene anachirira m'manja mwa a Kankhani, pamodzi ndi ana awo, ena a iwo a ndevu kale, nawapempha kuti ayankhe pa imelo ya chipatala. Anayankha atatu. Mmodzi mwa atatuwo ankangofunsa ngati chipatala chikulemba alonda. Kuyambira Lolemba, zii. Phwando linali Loweruka la sabata yotsatira.

A Kankhani anasuzumira pakhomo, thaulo lili paphewa.

"Abwera angati, bambo?"

"Akuyankha, mayi. Pang'onopang'ono."

"Musadzivutitse. Anthu ali ndi zochita. Ndani angakumbukire nkhope imene anaiona tsiku limodzi lokha, iye akulira ndi ululu?"

Anaseka, nkumapita. Koma a Kalaliki anali atakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kuseka kumeneko ankakudziwa. Mayiwo ankaseka chotero akafuna kuti munthu asaone kuti chinthu chawapweteka. Akanawauza bwanji kuti pa anthu onse aja, amene anawakumbukira ndi awiri?

Anatenga foni naimbira mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, amene ankakonza makompyuta pa kampani ina m'tauni. Mlamuyo anafika nthawi ya nkhomaliro, chipewa cha njinga yamoto chili m'khwapa.

"Alamu, mwaiphanso kompyutayi?"

"Sindinaikhudze."

"Mumatero nthawi zonse. Ulendo watha munati simunaikhudze, ine nkupeza nyenyeswa za buledi mpaka pansi pa zilembo. Tasendezani mimbayo."

Anakhala pampando wawo, natumiza kalata kuchokera pa foni yake kupita ku adiresi ya chipatala. Anadikira. Anadikiranso. Kalata sinaoneke.

"Mwaona? Yanga sinalowe. Ndiye kuti si anthu amene ali chete, ndi bokosi lanu limene silikulandira."

A Kalaliki anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mlamuyo anatsegula kawindo kakuda nayamba kugogoda zilembo, milomo ikugwedera. Kenaka analoza mzere umodzi ndi chikhadabo.

"Nayu wakuba wanu. Loko."

"Loko wa chiyani? Kiyi wake ali ndi ndani?"

"Mvetserani bwino, chifukwa sindibwereza. Makalata onse a chipatala chino amasungidwa m'fayilo imodzi yaitali, ina pansi pa inzake, ngati mayina m'kaundula wanu uyu. Pulogalamu ikafuna kulembamo kapena kufufutamo, imayamba yaika kafayilo aka pambali. Ntchito yake ndi kunena kuti muli munthu, dikirani. Ikamaliza, imakachotsa."

"Ngati kuchimbudzi."

"Ndinadziwa kuti mufika kumeneko. Eya, ngati kuchimbudzi. Tsono wina analowa Lolemba, nthawi ya 2 koloko masana, ndipo mpaka lero sanatuluke."

"Nanga makalata a anthu?"

"Ali panja pamzere, ngati amayi a sikelo. Amagogoda, nkubwerera, nkudzagogodanso."

"Alipo angati?"

"Alipo ndithu. Koma musavine msanga, theka akhoza kukhala a otsatsa mankhwala a dazi. Akudziwani." Anayang'ana pamutu pa mlamu wake, nkuseka. Kenaka nkhope inasintha. "Koma amadikira masiku asanu okha. Mawa masana ayamba kubwerera kwa eni ake, ndi uthenga woti kuno kulibe wolandira."

"Ndiye thyola! Thyola lokoyo, mlamu, ukudikiranso chiyani?"

"Inu mumathyola chitseko musanafunse ngati mkatimo muli munthu? Akakhala kuti amene anaika lokoyu anafa, mwina magetsi anazima ali pakati pa ntchito, ndikhoza kuchotsa. Koma akakhala wamoyo ine nkuthyola, awiri alemba m'fayilo imodzi nthawi imodzi. Mudzapeza mutu wa kalata ya uyu uli pa miyendo ya kalata ya uja. Zimenezo sizisokedwanso."

M'kafayilomo munali nambala imodzi yokha, ya pulogalamu imene inaika loko. Mlamuyo anaifufuza nambalayo, naimba kamluzu.

"Ali moyo. Wangokhala phee, masiku anayi. Kompyuta yaikulu imene imasunga makalata anu ili kuti?"

Inali m'chipinda chosungiramo nsalu, kumapeto kwa khonde, pakuti ndi mokhamo mmene munali mozizira. Anadutsa pakati pa mashelefu a mabulangete ndi matewera opindidwa bwino, fungo la sopo lili guu. Pakona panali katebulo, kompyuta yakale ikung'ung'udza pansi pake. Sikirini inali yozimitsa, ndipo wina anali ataifunditsa kansalu ka pilo.

Mlamuyo anachotsa kansaluko nayatsa. Panaoneka mndandanda wautali wa makalata, onse osankhidwa, ndipo pakati pake panali kabokosi ka funso. Anawerenga momasulira: "Kodi mukufunadi kufufuta makalata 2,316? Inde. Ayi."

"Amene analemba pulogalamu iyi ndi wopanda khalidwe," anatero. "Amayamba wakhoma chitseko, kenaka nkumafunsa funso. Chabwino, ndingodina Ayi, tizipita."

A Kalaliki anali akuwerenga mitu ya makalatawo. Wayamba kukwawa. Mano awiri atuluka. Mapasa anu alowa sukulu. Mayi, tamutcha dzina lanu. Anakumbukira kuti sabata yatha a bwana anauza aliyense kuti bokosi ladzaza, mwini achotse zake zakale, makamaka amene akuchoka. Anagwira dzanja la mlamu wawo.

"Dikira. Funsoli sanafunse ife."

"Alamu, ndi batani limodzi."

"Ndi limodzi, eya. Mwini wake ali pafupi pompa."

Anakawapeza a Kankhani akusamba m'manja atamaliza kuyeza mayi wina. Anabwera akudzipukuta, ndipo atangoona sikirini yoyaka anaima pakhomo ngati mwana amene wapezedwa ndi dzanja m'chitini cha shuga.

"Iii. Chikadali pomwepo?"

"Chikudikira inu, mayi," anatero a Kalaliki.

"Ine ndimayesa ukachizimitsa chimaiwala." Anakhala pa mulu wa mabulangete. "Ndinasankha onse bwinobwino monga anandiuzira a bwana. Ndiye chikundifunsa kuti kodi mukufunadi. Mukufunadi! Chikanangofufuta osafunsa, bwenzi zitatha. Ndinakhala apa mpaka tiyi anazizira. Ndinati ndibwera mawa. Mawa lake kunabadwa atatu."

Kenaka anamuyang'anitsitsa mtsikana wa chipewa uja.

"Iwe, si iwe mwana wa mayi aja osoka madiresi? Unabadwa ndi tsitsi lambiri ngati burashi, ukukuwa usanatuluke nkomwe mapewa."

"Mpaka lero sanasiye," anatero a Kalaliki.

"Alamu, ndikusiyirani loko wanuyu ndizipita."

Anaseka onse atatu. Ndipo poti kuseka kunali kutatsegula njira, a Kalaliki anaulula. Ananena kuti chiyambire Lolemba sipanalowe yankho ndi limodzi lomwe, kuti iwo ankanama pamene ankati anthu akuyankha, ndiponso kuti chimene chinatsekereza makalata onse panja ndi funso lomweli.

A Kankhani anagwira pakamwa. "Ndiye kuti ndadzitsekera ndekha alendo anga?"

"Mwina alendo, mwina a malonda, sitinaone," anatero mlamuyo. "Koma mayi, za a bwanazo zisakuvuteni. Bokosi likadzaza sindiye kuti mutaye katundu. Ndikukoperani onsewa pa kafulashi, mupite nawo kwanu, kenaka ndiye tifufute kuno. Zithunzi zonse, ngakhale za mano awiriwo."

"Zimatheka?"

"Mphindi khumi. Koma muyambe mwatuluka m'chimbudzimo, monga akunenera alamu anga."

"Ine sindinanene choncho, mayi!"

A Kankhani anaimirira, napukutanso manja ngakhale anali ouma kale. Anagwira mausi mosamala ngati mutu wa khanda, nayendetsa kamuvi mpaka pa Ayi. Anadina. Kabokosi kanazimiririka.

Panalibe chinachitika. A Kalaliki anamva thukuta likutsika kumsana.

"Loko wachoka," anatero mlamuyo, akugogoda zilembo. "Tsopano ndiwauze a pamzere kuti asadikire nthawi yawo."

Pansi pa mndandanda panatulukira mzere watsopano wakuda. Kenaka wina. Kenaka anayamba kugwa ngati mvula yoyamba pa malata, awiri, asanu, khumi, mpaka sikirini inayamba kuthamanga yokha. A Kalaliki anayesa kuwerenga ndi chala koma anasokonezeka pa makumi anayi. Atasiya kugwa, mlamuyo anawerenga nambala ya pakona: zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu.

"A dazi ndi anayi okha, alamu. Pepani."

A Kalaliki sanamve nkomwe. Anali atatsegula kale yoyamba, akuwerenga mokweza.

"Tibwera anthu asanu ndi mmodzi. Mwana amene munamupatsa mpweya ndi pakamwa panu uja tsopano amayendetsa basi, ndipo akuti atenga aliyense wa mbali ya kuno amene alibe choyendera."

"Ameneyo ndikumudziwa," anatero a Kankhani. "Anatuluka wabuluu ngati inki. Mayi ake anandiluma pamkono apa."

"Iyi ikuti, kodi tingabwere ndi agogo, ali pa njinga ya olumala, pakhomo pali masitepe? Iyi ikuti, ndine mmodzi wa mapasa, mnzanga ali kunja koma atumiza mawu. Iyi ikuti, ndalemba kachitatu tsopano, bwanji simukuyankha, kapena phwando lalephereka?"

"Ameneyo muyambe kumuyankha," anatero mlamuyo. "Ndipo muwayankhe onse lero. Musandiyang'ane ine, ntchito yanga yathera pa loko."

Namwino wina anasuzumira kudzatenga matewera, napeza anthu atatu akuluakulu atapanikizana pa katebulo kamodzi, wina akupukuta maso ndi kansalu ka pilo. Anafunsa ngati kwagwa zovuta.

"Zovuta zake nzakuti holo ija yachepa," anatero a Kalaliki, akuseka ngati mwana. "Ndikapempha bwalo la sukulu."

A Kankhani anakokera mulu wa mabulangete pafupi ndi tebulo, nakhazikika bwino, navala magalasi.

"Ukamuuze mayi wa pa bedi lachiwiri kuti nthawi yake ikadalipo, ndibwera," anauza namwinoyo. Kenaka anagunda a Kalaliki ndi chigongono. "Inu, mukuthamanga kwambiri. Bwererani pa ya basi ija. Pali chithunzi?"