Makina Akaima

Mayi wa ambulera yobiriwira analowa pachipata Lachitatu m'mawa, Anamwino ali kalikiliki kumata makatoni pakhonde. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Mayiyo anapinda ambulera yake, naiyedzamiritsa pakhoma, napukuta nsapato pachiguduli.

"Pepani ndi zovutazi, ana anga," anatero, nagwira dzanja la Anamwino, kenako la Chitsiriza. Asanafunsidwe kuti ndi ndani, anali atalowa kale m'nyumba. Anadutsa pabalaza, nakhotera kumanzere, natsegula chitseko cha chipinda chakuseri mochinyamula pang'ono, monga ankachitira eni nyumba okha.

Atsikana awiriwo anayang'anana. Anamwino anali mwana woyamba, ndipo chiyambireni ntchito kuchipatala, aliyense, ngakhale bambo awo, ankawaitana choncho. Chitsiriza, amene ankamutcha choncho pokhala womaliza kubadwa, anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo mutu wake unkakhala m'mitambo nthawi zambiri. Mayi awo anali ataikidwa m'manda Loweruka.

"Achemwali," ananong'ona Chitsiriza, maso ali gwa, "mwina ndi mphwawo wa amayi amene anabisidwa ali khanda."

"Mwina ndi wakuba mipando. Tiye."

Anamupeza ataima pakati pa chipinda, akuyang'ana mashelefu ngati munthu amene walowa m'tchalitchi chachikulu. Anali wamfupi, wa imvi, wovala jekete la amuna.

"Mpando wa mwendo waufupi ndi uwu, eti? Ndisaukhalire." Anakoka wina. "Tiyi wanga ndimamwa wopanda shuga."

M'chipinda chimenechi ndi mmene mayi awo anagwiriramo ntchito zaka makumi atatu. Chaka chilichonse ankatulutsa buku limodzi la nkhani khumi ndi ziwiri za alembi osiyanasiyana: za anthu olima pamwezi, za mizukwa yaulemu yogogoda isanalowe, za mzinda umene umasamuka wokha anthu ali kuntchito. Ankasindikiza mabuku mazana atatu okha, n'kumawanyamula m'chikwama kukawasiya m'masitolo amene eni ake anali ndi mtima wabwino. Buku la chaka chino linali patebulo. Wosindikiza analilonjeza malo Lachisanu. Koma pa tsamba la zamkatimu panali nkhani khumi ndi imodzi. Pamzere womaliza mayi awo anangolembapo ndi pensulo mawu amodzi: Abwera.

Mzere umenewo ndi umene unawayambanitsa kuyambira Lolemba. Chitsiriza ankafuna bukulo lituluke. Anamwino ankati amayi sanatulutsepo buku logweluka dzino, ndipo iwo salola kuti lomaliza likhale lotero. Lamlungu abwerera kuntchito, ndipo asananyamuke nkhani zonse zibwezedwa kwa eni ake, chipinda chisesedwa, Chitsiriza atsika m'mitambo.

"Amayi," anatero Anamwino ndi mawu awo akuchipatala, "tikuthandizeni chiyani?"

Mlendoyo anaika chala pamzere wa pensulo uja. "Ndabwera."

Chitsiriza anakhala pansi mwadzidzidzi, pampando wa mwendo waufupi, natsala pang'ono kugwa chagada.

Mayiyo anatsegula chikwama natulutsa mtolo wa makalata womangidwa ndi lamba wa rabala. Onse anali a dzanja la mayi awo, zilembo zopendekera kutsogolo ngati zikuthamangira basi.

"Makumi awiri ndi asanu ndi anayi," anatero monyadira. "Chaka chilichonse ndimatumiza nkhani, chaka chilichonse amandikana. Palibe munthu padziko pano amene anakanidwa mokoma ngati ine. Masamba anayi, asanu: za chitseko cholimbachi, za mpandowu, za mano anu oyamba. Kumapeto mawu omwewo: makina sanaime, lembaninso."

Ana onse awiri ankawadziwa mawuwo. Bambo awo anali telala, ndipo makina awo osokera anali m'chipinda chomwecho, pafupi ndi zenera. Mayi awo sankasankha nkhani ndi maso. Ankaiwerenga mokweza mwamuna wawo akusoka atawafulatira. Makina akapitirira kulira mpaka kumapeto, nkhaniyo inkabwerera kwawo. Akaima, phazi la telala litaiwala ntchito, nkhaniyo inkalowa m'buku. Panalibe kudandaula, panalibe chibale.

"Ndinkasintha dzina chaka chilichonse kuti asandimvere chisoni," mlendoyo anapitiriza. "Ndakhalapo Kambalame, ndakhalapo Mlonda wa Pamlatho, chaka china ndinali Pulofesa. Koma ankandigwira pa tsamba loyamba. Ankati nkhani zanga zonse zimanyowa. Nanga nditani? Ntchito yanga ndi yoyeza mvula. Zaka zonsezi ndakhala paphiri ndi ndowa ndi rula."

"Ndinu a mvula?"

Anali bambo awo, ataima pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi mwachizolowezi, ndevu za masiku asanu zili mbuu.

"Ndine, Atelala."

Bambowo anaseka. Kanali koyamba chichokereni kumanda, ndipo kusekako kunatuluka ngati chitseko cha dzimbiri. "Chaka chija cha nsomba zoyendetsa sitima! Ndinatsala pang'ono kuima."

"Nanga bwanji simunaime?"

"Linali thalauza la mkwati. Ukwati unali mawa lake."

"Mwamva, ana inu? Ndinagonja kwa thalauza."

Chitsiriza sanathenso kudzigwira. "Nanga dzina lanu lenileni ndani, amayi?"

"Limenelo limalembedwa m'buku, mwanawe, osati m'mphepo." Anasolola kalata yapamwamba pa mtolo. "Iyi inafika mwezi watha. Akuti, chaka chino musatumize, bwerani mudzawerenge nokha. Ine mwina simudzandipeza, koma makina mudzawapeza." Anaipinda mosamala. "Ndinachedwa. Mlatho wakwathu unakokoloka. Ndinaiyeza ndekha mvula yake."

Onse anayang'ana kuzenera. Makina anali ofundidwa ndi nsalu. Bambowo sanawakhudze chigonekedwereni mkazi wawo m'chipatala.

"Sindingathe," anatero, akupukusa mutu. "Phazi langali ndi lolemera. Ndipo ndikaima, mudzati ndaima chifukwa cha chisoni."

"Ndiye musaime," anatero mlendoyo. "Ine kukanidwa ndinakuzolowera ngati chimfine. Chimene sindingapirire n'kubwerera paphiri osawamva makinawa ndi makutu anga. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi akhala akundinyoza ndisanawaone nkhope."

"Ababa, chonde," anatero Chitsiriza.

Anamwino anatuluka. Chitsiriza anaganiza kuti akwiya, koma anabwerera atanyamula mulu wa makatani achikasu, nauponya pafupi ndi makina.

"Asanu ndi limodzi. Amayi anakupemphani kuti muwapinde m'munsi zaka zitatu zapitazo, mpaka lero akusesa pansi. Ngati tikuchita, tichite zenizeni. Mufulatire, musatembenuke, musakhosomole mwadala. Ine ndibweretsa makatoni anga ndizimata pompano, chifukwa ndikudziwa mmene zithere." Analoza Chitsiriza. "Iwe, makina akafika kumapeto, mawa unditengera maenvelopu, ndipo sindikufuna kumva kulira."

"Akaima?"

"Akaima, bukulo ndidzalinyamula ndekha pamutu mpaka kwa wosindikiza."

Bambowo anachotsa nsalu ija pang'onopang'ono. Anadontheza mafuta, nayesa kulowetsa ulusi pasingano kachitatu usanalowe, naika phazi pachopondera. Makina anatsokomola, kenako anayamba kuyimba nyimbo yawo yakale.

Mlendoyo anavala magalasi, natulutsa mapepala asanu ndi atatu, nayamba kuwerenga. Mawu ake anali aakulu kuposa thupi lake.

Nkhaniyo inali ya mzinda wina kumene munthu akamwalira, chithunzithunzi chake chimatsala masiku ochepa kuti chimalize ntchito zimene mwini wake anasiya. Chikamaliza chimazimiririka. Tsamba loyamba linali la mvula yokhayokha, ndipo Atelala anapukusa mutu akumwetulira, makina akuthamanga. Pa tsamba lachiwiri chithunzithunzi cha wapositi chinkagawa makalata molakwitsa nyumba monga ankachitira mwini wake. Chitsiriza anaseka, koma katani yoyamba inagwa pansi itatha. Yachiwiri inatsatira. Selotepi ya Anamwino inkalira ngati ikuwerenga masamba.

Pa tsamba lachisanu panalowa nkhalamba ina imene mkazi wake anasiya juzi losamaliza kuluka. Chithunzithunzi chinkakhala pampando wake n'kumaluka, ndipo chikangotuluka kukathirira maluwa, nkhalambayo inkamasula mizere iwiri mobisa. Sabata inatha, mwezi unatha. Oyandikana nawo anayamba kudandaula kuti chithunzithunzi chimenechi n'chaulesi, chikuchititsa manyazi msewu wonse.

Katani yachinayi inagwa. Chitsiriza ankaluma chala. Panatsala masamba awiri, ndipo phazi la bambo ake linkakwera ndi kutsika ngati silikumva chilichonse.

"Tsiku lina," mlendoyo anawerenga, "chithunzithunzi chinabwerera msanga, chinampeza ulusi uli m'manja. Nkhalamba inagwira pakamwa. Chithunzithunzi chinamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako chinakhala pambali pake, chinagwira mkono wina wa juzilo, n'kuyamba kumuthandiza kumasula."

M'chipindamo munangoti zii.

Mlendoyo anawerenganso mizere iwiri asanazindikire kuti akumva mawu ake okha. Anasiya. Anavula magalasi.

"Ulusi watha," anatero Anamwino. "Sunthani, ababa." Anawerama, natsegula pansi pa singano, natulutsa bobini ya ulusi. Inali yodzaza. Anaitembenuza uku ndi uku ngati akuyeza wodwala wonamizira. "Singano yathyoka?"

"Singano ili bwinobwino, Anamwino," anatero bambowo, ali chifulatirebe. "Mumalize, amayi. Ndikufuna kudziwa ngati juzilo linatha."

"Silinathe."

"Chabwino. Mumalizebe."

Anamaliza. Atafika pa mawu otsiriza, Anamwino anali atatenga sizasi ya bambo awo, imene palibe mwana ankaloledwa kuigwira, akudula selotepi pa katoni yoyamba.

"Fumbi la m'chipinda chino," anatero akupukuta m'maso ndi nkhonya. "Munthu angadwale nalo. Iwe, usangoti kakasi, kaimbire wosindikiza. Umuuze kuti mano akwanira."

Chitsiriza analumpha, nawakumbatira kumbuyo mpaka sizasi inagwa, nabwereranso patebulo. Anafufuta pensulo ija ndi labala, napemerera zinyenyeswa, napereka cholembera kwa mlendoyo ndi manja awiri.

"Tilembe Pulofesa?"

"Pulofesa anafa ndi manyazi kalekale."

Mayiyo anapukuta chikhatho pajekete. Dzanja limene linkalemba manambala a mvula tsiku ndi tsiku linagwira cholembera. Analemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, kenako anakankhira pepalalo patsogolo.

Chitsiriza anawerenga. Anawerenganso.

"Amayi, mwalakwitsa. Ili ndi dzina langa."

"Lako?" Mlendoyo anakweza maso. "M'makalata onse unali Chitsiriza basi."

Onse atatu anatembenukira kuzenera. Bambowo anali akulinganiza katani yachisanu pansi pa singano, akumwetulira yekha ngati munthu amene wasunga chinthu m'thumba zaka zambiri.

"Unabadwa sabata imene tinawakana kachisanu ndi chitatu," anatero. "Tsiku lomwelo envelopu yawo inali patebulo, dzina lenileni lili kumbuyo pa adiresi. Mayi ako anati, munthu amene umamukana chaka chino, chaka chamawa n'kulembanso, dzina lake lisatuluke m'nyumba muno."

Mlendoyo anaika cholembera pansi. Anangogwira dzanja la mtsikanayo, nalitembenuza, naliyang'ana.

Bambowo anaitana dzinalo mokweza, kuti wina akawatengere tiyi, ndipo awiri anayankha.