Mabiringanya Oonera

Mayi wosamalira maluwa pahotela ija sankadutsa chomera osachitsina. Ankabudula kansonga ka tsamba, n'kukatikita ndi zala, n'kununkhiza. Chikakhala chodyedwa, kankathera m'kamwa. N'chifukwa chake anzake a pantchito anamupatsa dzina loti Nambuzi, ndipo iye ankavomera.

Zobzala ndiwo pakati pa maluwa anayambitsa ndi iyeyo. M'mbali mwa kanjira kochokera kugeti anandandalika letesi wofiirira, kumbuyo kwake tsabola, ndipo pakhomo lolowera alendo anaikapo mabiringanya owala ngati odzola mafuta. Nzeruyi anaitengera kwa mwana wake wamkazi, amene anamusiya kwa achemwali ake pobwera kudzagwira ntchito. Mtsikanayo ali wamng'ono ankasokoneza dimba la kuseri kwa nyumba, kubzala duwa pakati pa anyezi, amvekere ndiwo nazo zimafuna kutchena.

Amanijala anazikonda kwambiri, alendo n'kumajambulitsa pomwepo. Koma amanijalawo anaika lamulo.

"Izi n'zoonera, mayi. Osathyola ngakhale chimodzi, mzere ungaoneke magweru."

Wophika wa pahotelapo ankamunyengerera pazenera la kukhitchini. "Nambuzi, tandibereko tsabola muwiri yekha. Ndikukwatira."

"Pitani kumsika, achimwene. Awa ndi mabwana, sadyedwa. Komanso mimba yanuyo ndingaidyetse ine?"

Ankaseka, koma mabiringanya ankakhwima, kuchita chikasu, n'kuyamba kufota ali pamtengo. Akafika pochititsa manyazi m'pamene Nambuzi ankawathyola, n'kukawataya kudzenje ndi wilibala. Ulendo uliwonse wa kudzenjeko ankakumbukira mwana uja, mmene ankadyera tomato ali chiimire m'dimba, madzi akuyenderera mpaka m'chigongono.

Tsiku lina masana achemwali ake anaimba foni.

"Mwana wako watalikatu, wakupitirira. Kudimba anasiya kupitako, kwamera tchire."

"Tampatseni foni."

"Akuti akuchapa." Kenako achemwaliwo anapitiriza: "Dzana wanditchula amayi pamaso pa aphunzitsi ake. Ndinangomusiya. Nanga ndikanatani?"

Nambuzi sanalire. Anaika foni m'thumba la ovolosi n'kupitiriza kuthirira.

Sabata yomweyo amanijala anapeza timabowo ta mbozi pa letesi, ndipo anaitanitsa anthu odzapopera mankhwala amphamvu dimba lonse. M'mawa mwake dzanja la Nambuzi linapita lokha patsamba monga mwa masiku onse. Lili pafupi kufika pakamwa, wophika uja anakuwa pazenera.

"Iwe, ufatu! Waiwala za dzulo?"

Anataya katsambako n'kupukuta zala pa ovolosi. Anayang'ana mizere yake ija, yokongola kuposa kale, yopanda chilema, ndipo munalibe chimene iye kapena mwana wa munthu aliyense akanalawa.

Anapita kudzenje. Pansi pa zinyalala anafukula mabiringanya awiri amene anawataya asanapopere, ndi tsabola wofota wodzaza dzanja. Anachotsa njere, kuzitsuka pampopi, n'kuziyanika pazenera la kachipinda kake kuseri kwa hotela.

Zitauma, anakatsanzika kwa amanijala kuti akubwerera kwa mwana wake. Wophika anamupeza akupinda zovala pabedi.

"Ndiye ukundisiyira ndani?"

"Mabwana anu aja. Muziwayang'ana mukamva njala."

"Nanga akakakukana mwanayo?"

"Andikane ndili pompo, ndi khasu m'manja. Ndione ngati sabwera kudzandisokonezera mizere."

Anakulunga njere zija m'kansalu, n'kuzilowetsa mu nsapato yake yabwino kuti zisamwazike. Nsapatoyo anaiika pansi penipeni, zovala pamwamba, n'kutseka zipi ya chikwama.