Mawu a Mayi Makoswe

"Bwerezani, sindinamve bwino," anatero mwana wa Mayi Makoswe, atagwira m'mphepete mwa tebulo la wokonza mafoni.

"Ndati mulibe kanthu muno, achemwali. Dzina la fayilo lilipo, koma m'kati mulibe ngakhale kutsokomola."

Mtsikanayo anatembenukira amayi ake. Iwo anangoima chilili, nsalu ili pakhosi. Dzina loti Makoswe analitenga pamsika, pomwe ankagulitsa mankhwala a makoswe ndi mphemvu, ndipo akakuwa ankamveka mpaka kokwerera basi. Koma madokotala atawachita opareshoni ya pakhosi, mawu anapita. Anatsala ndi kunong'ona basi.

Mwamwayi, asanapite kuchipatala, mwana wawoyu anawajambula pafoni akuitanira malonda. Anagula chimkuzamawu choti mawuwo azilira okha pabenchi. Atalowetsa kakhadi komwe kanali ndi mawuwo, chimkuzamawu chinangothwanima kagetsi kofiira, n'kukhala chete. Chinkafuna mtundu wa MP3, pomwe foni inajambula mumtundu wina.

Apa m'pamene mwamuna wa mtsikanayo analowererapo. Anapeza kapulogalamu kaulere kosinthira mafayilo, n'kunena kuti zimenezi n'zazing'ono, iwo apitirize kuchapa.

"Musadandaule," anatero wokonza mafoni. "Kapulogalamu kanu sikadziwa mtundu umenewo, ndiye kanangobala chikhungwa. Ndipatseni yoyambirira ija, ndisinthe pakompyuta."

Mkamwini wa Mayi Makoswe, yemwe anabwera nawo, anayamba kuyang'ana machaja opachikidwa pakhoma ngati akufuna kugula.

"Bambo a mwana, akuti yoyambirira," anatero mkazi wake.

"Kanalemba kuti katha bwinobwino."

"Sindikufunsa zimenezo."

"Foni inadzaza, ndiye... ndinaifufuta."

"Musanamvere yatsopanoyo?"

"Nthawi inalibe."

"Nthawi yoonera mpira ndiye ilipo, eti? Foni yadzaza ndi zigoli za anthu osakudziwani, inu n'kuchotsamo amayi anga?"

Wokonza mafoni analumikiza foniyo kukompyuta, nafufuza paliponse. Anapeza zithunzi zakale, nyimbo, ngakhale mavidiyo a mpira aja. Kenako anavula magalasi.

"Malo ake analowapo zina. Sibwerera."

Mtsikanayo anakhala pakatoni. Za malonda sanaziganizenso. Anaganiza za khanda lomwe linali kumsana kwake. Linabadwa opareshoni itachitika kale, ndipo iye ankati likadzakula adzaliyatsira foni, limve mmene agogo ake ankagwedezera msika.

"Apongozi, pepani," anatero mkamwini. "Ndikugulirani chimkuzamawu china chabwino."

"Chizikuza chiyani?" anafunsa mkazi wake.

Mayi Makoswe sanalire. Analanda foni m'manja mwa mkamwini, n'kuiika pakamwa pa mwana wawo.

"Kuwa," ananong'ona.

"Ine, amayi? Pano?"

Anagwedeza mutu, nayamba kuomba tebulo ndi chikhatho, kumupatsa kayendedwe kake. Mtsikanayo anayamba monyinyirika. Amayi ake anamutsina pamkono. Iye anapuma kwambiri, n'kutulutsa zomwe anakula akuzimva:

"Khoswe walowa, khoswe satuluka! Mphemvu igone chagada!"

Foni itajambula mawuwo, wokonza mafoni anayamba wawasunga pakompyuta ndi pakhadi lina, kenako anawasintha kukhala MP3. Atayatsa chimkuzamawu, mawu anadzaza khonde lonse. Mayi wogulitsa nsapato kutsidya kwa msewu anasiya kasitomala, nabwera akuthamanga.

"Anzanga, mwachira?"

Mayi Makoswe anapukusa mutu, n'kuloza mwana wawo. Mnzawoyo anagwira pakamwa. Mayi Makoswe anamvetsera mpaka kumapeto, milomo ikuyendera limodzi ndi mawuwo. Kenako anakoka mkamwini malaya kuti awerame, khutu lifike pakamwa pawo.

"Awa ndi a mkazi wanu," ananong'ona. "Ali m'malo awiri tsopano. Chonde bambo, muziyamba mwamva musanataye."