Kampando ka Pabotolo

"Basi ya alendo yanyamuka kale," anatero Mzime, akuika foni pamgolo. "Sindingawabweze panjira, achimwene."

Chisamba, mlongo wake wamkulu, anapukusa mutu. Panali patangotha masiku anayi chiikireni bambo awo m'manda, ndipo nsapato zake zinali zidakali ndi dothi lakumandako.

"Ndiye uwaonetsa chiyani? Anthu amabwera kuno kudzaona bambo, osati mphika. Mphuno ija tinaikwirira Lachiwiri."

Ankanena zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka Mzime. Kwa zaka makumi atatu bambo awo ankatcheza mowa wa malalanje m'kanyumba aka kanjerwa kuseri kwa nyumba. Mabotolo ankatuluka ochepa, koma mbiri yake inafika kutali. Loweruka lililonse kunkabwera alendo kudzaona migolo ndi mphika wamkuwa, kenako n'kulawa. Chimene onse ankadikira chinali nthawi yomwe mowa wayamba kudontha pampopi. Woyamba kutuluka ndi mutu, waukali, wosamweka. Kenako umabwera mtima, umene umalowa m'botolo. Wotsiriza ndi mchira, wonunkha ngati nsanza yonyowa. Ntchito yonse yagona podziwa pamene mutu wathera ndi pamene mchira wayambira, ndipo malemuwo ankadziwa zimenezi ndi mphuno basi. Ankasendeza kagalasi pamphuno, kutsinzina, n'kufuula kuti, "Tsopano!" Alendo m'manja phwaphwaphwa.

Mzime anagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi zinayi. Moto ankaudziwa, mphika ankaumva kulira kwake, jagi ankasintha ndi iyeyo bambo akafuula. Koma kudula mtima sanamuphunzitse. Akafunsa, ankangoti, "Nthawi yako ikwana, mwana wanga," n'kuyamba nkhani ya mvula.

"Mwini hotela uja ali m'basi yomweyo," anatero Chisamba, akukokera mpando wapakhomo kukhoma kuti alendo apeze podutsa. "Akufuna kugula mphikawu, auike pabwalo pa hotela, adzalemo maluwa. Ukalephera lero, tiugulitsa, ndipo usalimbanenso nane. Sindikufuna dzina la bambo lithere m'mowa wopweteketsa anthu mutu."

"Wasuntha mpando wanga ndani?"

Anali mayi awo, kapu ya tiyi kudzanja ili, ulusi ndi singano zolukira kudzanja linalo. Chichokereni kumanda anali asanalankhulepo mawu ochuluka chonchi. Loweruka lililonse ankakhala pakhomo pomwepo n'kumaluka, alendo n'kumawalambalala ngati mtondo.

"Amayi, lero mukanapuma," anatero Chisamba.

"Ndipumira pampando wanga."

Chisamba anaubweza. Pansi panali timadontho ta penti yoyera, ndipo anaika miyendo ya mpando pa tinayi towala bwino.

"Osati pamenepo. Timeneto si tanga."

Anausendezera pa tina tinayi tozilala pambali pake. Mayiwo anakhala, n'kuyamba kuwerenga maso a ulusi.

Alendo anafika khumi ndi mmodzi. Mzime anawapatsa moni mododoma, koma atagwira mkuwa wofunda wa mphika, mawu a bambo ake anayamba kudzitulukira okha. Anawaonetsa makoko a malalanje akuuma pamawaya, migolo yofufumitsira ikubwata yokha, ndi kawindo kamene bambo anaboola kuseri kwa mpopi zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ati mphika nawo uzipuma. Kamphepo kankalowa pamenepo, kudutsa pampopi, n'kukatulukira pakhomo.

Mphunzitsi wina wopuma pantchito, yemwe sankadumphitsa chaka osabwera, ananyamula botolo. "Ndakhala ndikufuna kufunsa. Kampando kojambulidwa pakona apa, kakutanthauza chiyani?"

"Bambo ankati ukapitirira magalasi awiri, uzifuniratu pokhala," anayankha Mzime.

Anthu anaseka, ngakhale Chisamba anamwetulira pang'ono. Mwini hotela yekha ankazungulira mphika, akuuyeza ndi maso.

Kenako mpopi unayamba kudontha.

Mzime anatchera kagalasi n'kununkhiza. Mutu. Anataya, n'kutcheranso. Mutu, kapena ayi? Masiku anayi a misozi anali atamutseka mphuno, ndipo chilichonse chinkangomuwotcha mofanana. Akafulumira, mutu ulowa m'botolo. Akachedwa, mtima utayika, ndipo madzi akatayika saoleka. Anaona Chisamba akuweramitsa nkhope, ndipo anazindikira kuti mlongo wakeyo sakufuna n'komwe kupambana.

Ngwe, ngwe.

Sipuni inagunda kapu kawiri, chapakhomo.

Dzanja la Mzime linasintha jagi iye asanaganize. Atasintha m'pamene anadabwa. Kulira kumeneku ankakudziwa. Zaka zonsezi kunkabwera kaye, kenako m'pamene bambo ankafuula. Iye ankangoti ndi amayi akutakasa shuga.

"Tsopano!" anatero mochedwa. Alendo anaomba m'manja.

Anacheukira kukhomo. Mayi ake ankawerenga maso a ulusi ngati palibe chachitika. Patapita nthawi yaitali sipuni inaliranso kawiri, iye n'kuchotsa jagi mchira usanalowe.

Polawa, Mzime anathira mowa wa tsikulo m'timagalasi, n'kudonthezamo madzi monga ankachitira bambo. Mphunzitsi uja anasunga wake mkamwa, maso atatsinzina, kenako anameza.

"Malemu sanapite," anatero, akupukuta m'maso. "Ali momwemuno."

Mwini hotela analawa kawiri. Anasisita mphika ngati ng'ombe ya mnzake, n'kuuza Chisamba kuti maluwa akawapezera chitini china.

Basi itachoka, dzuwa lidakali pamwamba, ana awiriwo anaima pamaso pa mayi awo ngati ogwidwa akuba shuga.

"Amayi, kuyambira liti?" anafunsa Mzime.

"Ukukumbuka chimfine chija chinawagoneka mwezi wathunthu? Anadzuka, koma mphuno sinadzuke. Tsiku lina ndinawapeza akhala pansi apa, kagalasi m'manja, akulira ngati mwana. Ine n'kuwauza kuti, bambo, mtima wayamba kalekale, ndaumvera kukhitchini." Anaseka pang'ono, kuseka koyamba sabata imeneyo. "M'mawa mwake anatenga nyundo n'kuboola kawindo kaja. Anakhala sabata yonse akundisunthasuntha ndi mpandowu, kufuna pamene mphepo imafikitsa fungo bwino. Atapapeza, anadonthezapo penti."

"Koma inu simulawa n'komwe," anatero Chisamba.

"Ndilawirenji? Mphuno siledzera."

"Ndiye bambo ankanamiza anthu zaka zonsezi?" anafunsa Chisamba.

Mayiwo anaika singano pansi. "Usawanenere choncho. Loweruka lililonse ankandichonderera kuti auze alendo. Ndinkakana ndine. Ine woimba kwaya, anthu amve kuti wodula mowa ndine? Ndinawauza kuti mukangotchula dzina langa, ndikakhala kukhitchini. Ndiye bambo anu, mumawadziwa. Anati pakamwa mwanditseka, koma cholembera simunandilande."

Anatambasula dzanja n'kutenga botolo pashelefu. Chala chawo chinakaima pakampando kaja pakona. Kanali ndi mwendo umodzi waufupi, ngati mpando womwe anakhalira.

Chisamba anayang'anitsitsa botololo. Kunyumba kwake m'tauni anali nalo lina lotere, ndipo ankalionetsa anzake monyadira, osadziwa kuti akuonetsa mayi ake. Anachita manyazi, komanso anawasowa bambo ake kuposa tsiku la maliro.

"Ndiye n'chifukwa chake sankandiphunzitsa," anatero Mzime motsitsa.

"Akanakuphunzitsa bwanji chimene samva? Zinkawadya mumtima. Ankati ndikuphunzitse ineyo, ine n'kumati mawa, mawa, poopa kuti uwaona ochepa." Mayiwo analoza pansi ndi singano, pa timadontho tinayi towala tija. "Ito anapenta kutatsala sabata kuti apite kuchipatala. Miyendo ikukana, koma anagwada okha ndi tepi yoyezera. Sanandiuze kanthu. Nanenso sindinafunse."

Mzime anagwira pakamwa.

Chisamba anatuluka. Mzime anamumva akukhukhuza zinthu kukhitchini, kenako anabwera atanyamula mpando wa Mzime wapatebulo, uja wachitsulo wopindika msana. Anautsitsa pang'onopang'ono pambali pa mayi awo.

Miyendo yonse inayi inakhala ndendende pamadontho.