Amalume Amasulira Chijapani

Tandiyankhani inu odziwa kuwerenganu: ndi mkazi uti amene alibe miyendo koma sachoka pamsewu, alibe pakamwa koma akayamba kuyankhula amuna onse amakhala chete? Mwakanika? Musavutike, ndikuuzani ulere. Mkazi ameneyo amakhala m'galimoto ya Bibiana.

Galimotoyo Bibiana anakaitenga yekha kudoko la Dar es Salaam, naiyendetsa ndi manja ake mpaka ku Mikolongwe, mkazi wogulitsa kaunjika ku Limbe. Inali yoyera ngati ufa woyanika. Koma chimene chinkaimitsa anthu panjira chinali m'kati. Kutsogolo kunali kagalasi kowala koonetsa mapu, ndipo m'menemo munkatuluka mawu a mayi wa ku Japani, osalala ngati akumeza uchi. Ukaika chimbale, nyimbo inkagunda mpaka m'chiwindi. Koma mayiyo akangofuna kuyankhula, nyimbo inkadzitsitsa yokha, monga mwana woleredwa bwino akaona alendo. Anthu a ku Japani, abale, manja awo ndi ena!

Vuto linali limodzi. Mayiyo ankadziwa misewu yakwawo yokha. Kuno kagalasi kankangoonetsa buluu ponseponse, ndi kamuvi kofiira pakati, chifukwa galimoto inkayesa kuti ili m'nyanja ya mchere. Bibiana ankazidziwa zimenezi. Ankangomusiya mayiyo kuti aziyankhula, azimuthawitsa tulo paulendo.

Loweruka limenelo, m'chaka cha 2007, kumbuyo kunakhala Maluwa, mng'ono wa Bibiana, ali m'velo, pambali pake a Lidiya, mayi awo aang'ono. Ukwati unali kutchalitchi kwa Nchema. Wansembe anali atanenetsa kuti dzuwa likafika pamutu anyamuka, chifukwa kwina kunali odwala. Ndipo mkwati, Mikaele, Lolemba anali kubwerera kuntchito ku Joni. Akanaphonya tsikulo, velo likanadyedwa ndi njenjete mpaka chaka chamawa.

Mpando wakutsogolo anaulanda a Vitalis, amalume awo, amenenso anali ankhoswe. Anavala jekete la mabatani atatu osiyana mitundu.

Pofuna kuseketsa mkwatibwi, Bibiana anadina kabatani ka pachiwongolero ndi chala chachikulu. Kabatani kameneka ukakadina, mayi uja amanena timawu timodzimodzi, tothera ndi "kudasai".

A Vitalis anagwedeza mutu mwaulemu. "Zikomo, mayi. Tadzuka bwino, kaya inu."

"Achimwene, mukuyankha ndani?" anafunsa a Lidiya.

"Akupereka moni kwa ankhoswe. Mlongo, waiwala kuti ine ndinagwirapo ntchito ndi Ajapani pomanga mlatho? Chiyankhulo chimenechi ndinachimwa ngati thobwa."

"Si paja munkangowalondera simenti?"

"Wolondera ndiye amamva zonse."

"Nanga kagalasika bwanji kakungoonetsa buluu?"

"Kumwambako kumeneko. Akutiyang'ana kuchokera m'mitambo. Iwe Bibi, lero usaganize ndi mutu wako. Mayiyu azinena, ine ndizimasulira, iwe uzingopotokola chiwongolero."

Bibiana analuma mlomo. Munthu sungatsutse amalume ako atavala jekete la unkhoswe, mkwatibwi akumva.

Atayenda pang'ono, mayi uja anayankhula yekha, zakezake za misewu ya ku Japani.

"Akuti tikhote apa," anatero a Vitalis. "Kutsogoloku msewu wakumbika."

"Amalume, dzulo lomweli ndadutsamo."

"Dzulo ndi dzulo. Iwe ungaone kuposa munthu ali m'mitambo?"

Anakhota. Njirayo inakawatulutsira pamsika, pansi pa mtengo wa mango pomwe anzawo a a Vitalis amasewera bawo. A Vitalis anatsitsa galasi pang'onopang'ono, natulutsa chigongono.

"Ignasio! Ukadayendabe wapansi, mphwanga? Bwera umve mzimayi wanga wa ku Japani!"

Bawo inatayidwa. Amuna anaunjikana pazenera, wina kugwira matayala, wina kudziyang'anira pachitseko. A Vitalis anafotokoza za mitambo, za mlatho, za bwana wa Chijapani amene akuti analira iwo akusiya ntchito. Anapatsidwanso kakapu, nakalawa kuti asanyoze eni ake. Bibiana anayang'ana mthunzi wa mango uja. Unali kubwerera kutsinde.

Pagalasi loonera kumbuyo anaona Maluwa akupukuta maso ndi nsonga ya velo.

"Achemwali," ananong'oneza Maluwa, "akachoka wansembe ine ndiye ndatha."

"Usawononge paudala," anatero Bibiana. Anaimba hutala, amuna anabalalika, naponda mafuta.

Kutsogolo kunali mphambano. Kumanja kunali njira yotsikira kudambo, yofika kutchalitchi. Kumanzere kunali njira yozungulira phiri lonse, yodutsa pakhomo pa mayi Easter, mayi wamasiye amene a Vitalis ankamugulira sopo mwezi uliwonse popanda kuyankhidwa. Bibiana anawaona akuwongola kolala, akunyowetsa chala kusalaza nsidze. Anadziwa kuti mayi wa ku Japani atsala pang'ono kunena kuti kumanzere, ngakhale atakhala chete.

Ndiye anaganiza zomuyankhulitsa yekha. Chala chachikulu chinadina.

"Mwamva? Akuti kumanzere," anatero a Vitalis msangamsanga.

Anadinanso.

"Akubwereza. Akuti... akuti tichenjere ndi mbuzi."

Anadinanso.

"Iii, lero walongolola. Akuti mkwatibwi watchena."

"Amalume," anatero Bibiana ndi mawu aulemu kwambiri, "ine ndikuona ngati pali china chachikulu akufuna kukuuzani. Sipika ili m'munsi mwa chitsekomo. Taikani khutu pomwepo mumvetsetse, tingagwe m'dzenje ndi mkwatibwi."

A Vitalis anawerama, mutu pakati pa mawondo, khutu pachitseko. Bibiana anadina, nadina, nadinanso. Kudasai, kudasai, kudasai. Dzanja linalo linapotokola chiwongolero mwakachetechete kulowera kumanja. Galimoto inatsetsereka ngati njoka pa udzu, osagwedeza ngakhale duwa la m'manja mwa Maluwa. Mwana wamkazi ameneyu kuyendetsa amatha! A Lidiya anaika chitenje pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Akuti bwanji, achimwene?"

"Khalani chete! Akuyankhula zakuya."

Pamene a Vitalis ankadzutsa mutu, mitsempha ili tolotolo pachipumi, anali atawoloka kale kamlatho ka padambo.

"Tili kuti kuno? Bibi, ndinati kumanzere!"

"Pepani amalume, ndangotsatira kamuvi kofiiraka. Sikakuloza kutsogolo?"

A Vitalis anayang'ana kamuvi. Kankalozadi kutsogolo, monga kamachitira masiku onse.

Tchalitchi chinaonekera patsidya, pamtunda. Anthu anali panja, ndipo pakati pawo wansembe ankamangirira chikwama panjinga yake yamoto. Mtunda unali udakalipo. Kufuula sakanamva. Bibiana anatsitsa magalasi onse, nakankha chimbale cha kwaya, napotokola kokwezera mawu mpaka pothera. Nyimbo yaukwati inaphulika m'dambo monse. Akakowa anauluka. Amayi othirira ndiwo zamasamba anaponya ndowa nayamba kuvina. Patsidya paja mitu yonse inatembenuka, nthungululu inayankha, ndipo wansembe, amene mwendo umodzi unali utakwera kale, anautsitsa navula chipewa chanjinga.

Ukwati unamangidwa. Mikaele anatuluka atamugwira Maluwa dzanja ngati wina amulanda.

Panja, anthu anazungulira galimoto kuposa mmene anazungulira akwati. Ndipo ndani anaima pachitseko, dzanja padenga? Mwadziwa kale.

"Pakanapanda ine ndi mayi uyu, ukwati kunalibe lero," ankatero a Vitalis. "Iye amaona njira, ine ndimamva chiyankhulo. Mwanayu ntchito yake ndi kupalasa basi."

"Timumveko nafe, achimwene," anatero a Lidiya, akutsinzinira Bibiana diso.

Bibiana anakhala pampando, nayatsa galimoto, nadina. Mayi anayankhula.

"Akuti ukwati wabwino, mubereke ana ambiri," anatero a Vitalis. Anthu anaomba m'manja.

Bibiana anadinanso. Ulendo uno a Lidiya anayankhulira limodzi ndi mayiyo, kuyambira poyamba mpaka pa "kudasai", osaphonya ngakhale pamodzi. Anali atawamva kokwanira m'njira muja. Anadinanso, amayi awiri a kwaya analowerera. Kachinayi, gulu lonse linaimba, wina n'kuikapo m'manja.

"Achimwene," anatero a Lidiya, manja m'chiuno, "mawu omwewa m'mawa anali moni kwa ankhoswe. Pamphambano anali kumanzere. Kenaka anasanduka mbuzi. Kenaka mkwatibwi watchena. Tsopano akubereketsa ana. Mawu amodzi omwewa?"

"Chijapani n'chozama, mlongo. Zimatengera... zimatengera mmene wapumira."

"Amapuma ndi chala ichi, amalume," anatero Bibiana. Anakweza chala chachikulu kuti onse achione, nachitsitsa pakabatani pang'onopang'ono.

"Kudasai," anatero mayi wa ku Japani, ndi ulemu wake wonse.

Kuseka kwake! Azimayi anagwirana kuti asagwe. Wansembe anatsamira njinga yake akupukuta misozi. Maluwa anaseka mpaka velo linapendekeka. Ndipo kumbuyo kwa gulu kunali mayi Easter, amene anali atafika kalekale wapansi. Ngakhale akanakhota kumanzere kuja, akanapeza chitseko chokhoma.

Mayi Easter anayandikira, nagwada pang'ono mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, a Kudasai?"

Apa panalibe chomasulira. Popita kumadyerero a Vitalis anakwera kumbuyo kwa lole, pamodzi ndi miphika. Dzina lija linawatsatira komweko, ndipo pabawo mpaka lero palibe amawaitana lina.