Chikwama cha Tiabakha

Ndinamukoka mkono Nsofwa mwini sitolo asanamalize kulankhula. Mwini sitoloyo anali atatsitsa chikwama chakuda chachikopa, dzina la kampani ya makamera litalembedwa pamwamba ndi zilembo zazikulu zoti ngakhale ine wa ng'ala ndinaziona.

"Ba tata, mwayambako," anatero mwana wanga wamkaziyo titatulukira mu Cairo Road.

"Chimenecho si chikwama. N'chikwangwani choitanira akuba."

Ndimadziwa zimene ndinkanena. Ndajambula anthu mu Lusaka muno kuyambira ndili mnyamata: maukwati ku Kabwata, maubatizo ku Chelstone. Sukulu sindinapite nayo patali, koma akuba anandiphunzitsa mokwanira. Kamera yanga yoyamba inapita m'minibasi, munthu atang'amba chikwama kunsi ndi lezala kwinaku akundifunsa za kunyumba. Yachiwiri anabwereka mnzanga wa kutchalitchi, ndipo mpaka lero akuimbabe kwaya. Yotsalayo ndinaitsekera m'bokosi pansi pa bedi, pamodzi ndi malenzi ake, maso atayamba kuchita chifunga. Anthu amene ndinawajambula atavala masuti obwereka masiku ano amandidutsa osapereka moni, akudzijambula okha pafoni.

Tsono Nsofwa anali atapeza ntchito yake yoyamba yaikulu, yokajambula chilanga mulilo ku Kabulonga Loweruka, mwambo uja akuchikazi amapita ndi zakudya kwa mkamwini. Kamera yakeyake analibe. Ndinamuuza kuti yanga siituluka m'bokosi ndisanaone chimene ainyamulire. Ndikapanda kukhutira, akawauze anthuwo kuti apeze wina.

"Tenga thumba la saka, uikulunge m'juzi ngati mmene ndinkachitira ine," ndinatero.

"Ku Kabulonga? Mlonda wa pageti adzandiuza kuti makala anagula kale."

Ananditsogolera mpaka kuseri kwa City Market, kumene amagulitsa salaula, katundu wogwiritsidwa kale ntchito, n'kuima pamulu wa zikwama wa mayi wina wonenepa dzina lake Salifyanji. Nsofwa anagwada pansi, nayamba kufukula ngati nkhuku. Zachikopa ankaziponyera kumbali osaziyang'ana kawiri. Kenaka anasolola chikwama chobiriwira, chodzaza ndi zithunzi za tiabakha tachikasu. Chinali chikwama cha matewera.

"Mwana ni mwamuna olo mkazi?" anafunsa ba Salifyanji.

"Ni wakuda bii, wa diso limodzi," anatero Nsofwa. "Agogo ake ni aba. Samulola kuchoka panyumba."

Amayi a pamisika yoyandikana anaseka. Ine ndinayang'ana kumbali.

Koma ndinaona mmene manja ake ankagwirira ntchito. Anatsina m'mbali mwa chikwamacho kuti amve kukhuthala kwa thonje. Analowetsa chibakera m'timatumba toikamo mabotolo a mwana, n'kundiyang'ana. Lenzi yanga yaitali ikanaima mmenemo osagwedera. Anathira madzi a m'botolo lake pamwamba, madziwo n'kutsetsereka osalowa. Anapondera lamba ndi phazi, nakoka ndi mphamvu zake zonse mpaka ba Salifyanji anadandaula.

"Zaka zonse zija ndinkalera ana a eni ake ku Woodlands," anandiuza motsitsa mawu, "ndinkayenda ndi chikwama chotere. Madamu ankaikamo foni yawo ndi makiyi a galimoto. Palibe amene anandiyang'anapo, ba tata. Wakuba safuna chimbudzi cha mwana. Mlonda naye akachiona amatsegula geti msanga."

Zinthu zimenezi sanandiuzepo ali pantchito ija. Ine ndinkaganiza kuti ankangotsuka mbale.

Anaponya foni yake m'chikwamamo, nachipachika mopingasa pachifuwa, n'kunditembenuzira msana.

"Ndibeleni."

"Ndine tate wako."

"Mumati mukudziwa mmene amabela. Ndibeleni."

Ndinayesa. Ndinamugunda phewa ngati munthu wothamangira basi, dzanja lina likufufuza. Zipi inali pansi pa chivundikiro, kumbali yoyang'ana thupi lake. Ndinagwira kunsi, kumene lezala imadutsa, n'kupeza kapulasitiki kolimba atakasokerera mkati. Nsofwa anandigwira chala.

"Gwilani kawalala uyo," anatero ba Salifyanji akupukuta misozi ya kuseka.

"Ine ndakalamba," ndinatero. "Anyamata a pa Kulima Tower sanakalambe."

Ndinkayembekeza kuti akwiya, monga ankachitira malemu amayi ake. Iye anangogula botolo la mwana ndi thewera limodzi. M'botolomo anathira maheu, nalilowetsa m'kathumba kakunja. Theweralo analisiya likusuzumira pakamwa pa chikwama.

"Muzibwela kumbuyo kwanga," anatero.

Pa Kulima Tower, pokwerera mabasi, anthu anali ataunjikana ngati nyerere. Maso anga ndi ofooka, koma wakuba ndimamudziwa ndi kaimidwe kake. Ndani wina amakoleka jekete pamkono dzuwa la Okutobala likuswa mtengo? Analipo atatu pafupi ndi mabasi a ku Kabwata. Nsofwa sanawalambalale. Anadutsa pakati pawo penipeni, osafulumira, osagwira chikwama. Wamtali anamuyang'ana nkhope, maso n'kutsikira pa tiabakha, kenaka pathewera lija. Anakwinya mphuno, nasuntha kuti asakhudzane nacho. Maso ake anasamukira kwa bambo wina wa tayi amene anakumbatira chikwama chakuda.

"Mami ba baby pasogolo," anatero kondakitala, akutsitsa mnyamata pampando wa pafupi ndi dalaivala.

Ine anandipanikiza kumbuyo ndi matumba a tomato. Njira yonse ndinkangoona mutu wa mwana wanga uli njo kutsogoloko.

Loweruka m'mawa ndinakoka bokosi lija ndekha. Kamera ndinaikulunga m'kamphasa kofewa kogonekapo mwana posintha thewera. Malenzi analowa m'timatumba ta mabotolo ngati anabadwira mmenemo. Nsofwa anatambasula dzanja kuti alandire.

"Ndikuperekeza pa siteji," ndinatero, n'kuchipachika paphewa langa.

Pansi pa mtengo wa jakaranda, madala anzanga a ku Kabwata anali atayamba kale nsolo. Ba Gerald anaimitsa dzanja m'mwamba, miyala ili m'manja.

"Ba Kalenga, mwabala liti? Osatiuzako?"

Sindinatembenuke. Ndinadutsa pamaso pawo pang'onopang'ono, maheu akukhuchumuka m'botolo, dzanja langa litachirikiza chikwamacho kunsi.