Bodza la Esitele pa Damu la Esiteti

Tsiku la Esitele linkayamba ndi tsache. Akasesa pakhomo ankatsuka mbale za dzulo, kuphikira mwana wake Dalitso phala, kutsegulira nkhuku, kenako kusenza zochapa ulendo wa kudamu. Unali mwezi wa Okutobala chaka cha 1997, nyengo ya nazale za fodya. Matenanti onse pa esiteti ina ya kufupi ndi Kamwendo ankakhalira kutsika ndi kukwera ndi makeni a madzi, amuna ndi akazi omwe. Esitele yekha sankanyamula keni. Kapitawo anamupatsa ntchito yoyang'anira ana m'mbali mwa damu pamene makolo awo ankathirira.

Ntchitoyi anaipeza chifukwa cha dzina la boma lakwawo. Tsiku limene iye ndi mwamuna wake Jailosi anatsika lole, mayi wina atamva kuti achokera ku Nkhotakota anati, "Ndiye inu madzi ndi pakhomo panu!" Esitele anangomwetulira. Kwawo kunali kwa Mwansambo, kumtunda, ndipo nyanja anaiona kawiri kokha, ali pawindo la basi. Koma sanakane. Sukulu analekezera Sitandade 5, ndipo aka kanali koyamba kuti anthu amuone ngati wodziwa kanthu. Anamupatsa dzina loti Wakunyanja. Dzinalo linkamukomera, ndipo msana wake unkapuma.

Lachinayi lina m'mawa, Yankho, mwana wazaka zisanu ndi chimodzi wa Ruth woyandikana naye nyumba, anagwetsera patapata m'madzi. Anailondola. Pamalopo abambo anali atakumba kuti keni izidzaza msanga. Mwana anaponda kamodzi, kawiri, kachitatu n'kuzimirira.

Esitele anathamanga n'kulowa mpaka m'ntchafu. Chitenje chinamata m'miyendo, matope anayamba kuterera pansi pa mapazi, ndipo anaima pomwepo. Ankaona kamutu kakutuluka n'kumiranso, patali ngati mikono itatu yokha. Anakuwa.

Kumtunda anthu anamva, koma sanathamange. "Wakunyanja ali pompo, amutulutsa," anatero wina, akupitiriza kuthirira. Anakuwanso kachiwiri, kachitatu. Apa m'pamene a Timoteyo, tenanti wachikulire wochokera ku Chikwawa, anataya keni, natsetsereka, nadziponya m'madzi ndi malaya omwe. Anamukoka mwana ndi diresi, thupi litalobodoka. Anamuthamangitsira pa njinga ku kachipatala ka pa esiteti, ndipo kumeneko anamutumiza kuchipatala cha kuboma.

Masana Jailosi anatseka chitseko n'kulankhula motsitsa mawu.

"Anthu akakufunsa unene kuti mtsempha wa mwendo unakokana. Zimachitika ngakhale kwa asodzi."

"Bambo a Dalitso, mwana uja akanafa."

"Wafa? Sanafe. Ukaulula tikhala bwanji pano? Ineyo andiseke kunazale mpaka fodya apite kuokushoni? Ana amenewa angofunika chikoti, asamayandikire madzi, basi."

M'mawa mwake Esitele anapita yekha kwa Mayi Consolata, namwino wa pa esitetipo. Ankafuna kungofunsa za Yankho. Anakhala pabenchi, Dalitso ali kumbuyo, maso ali pa zala za kumapazi.

"Mwana ali moyo, koma madzi analowa m'mapapo," anatero namwinoyo. "Ndamva kuti mwendo unakuvutani. Uti? Tiuone."

Esitele anatambasula wakumanja, kenako anaubweza.

"A nesi, mwendo ulibe kanthu. Ine kusambira sindidziwa. Sindinasambirepo chibadwire."

Mayi Consolata sanakalipe. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya yunifolomu.

"Simuli nokha. Pa esiteti pano matenanti odziwa sakwana asanu, ndipo amayi mulibe ndi mmodzi yemwe. Kusiyana kwake n'kwakuti enawo sanalandire ana a anzawo. Ruth mukamuuze nokha, asamve kwa ine. Mukatero, Loweruka masana tikumane kudamu. Ine ndinaphunzira kusukulu ya unamwino, ndili wamkulu kale ngati inu."

"Anthu akuona?"

"Pamene mwana ankamira anthu sankaona? Ndiponso musabwere ndi chitenje. Chitenje m'madzi chimamanga miyendo. Mubwereke kabudula wa amuna anu."

"Kabudula, ine?"

"Matipate anabwera, mayi. Palibenso wapolisi womangira mkazi thalauzi."

Ruth atabwerako kuboma, Esitele anakagwada pakhonde pake n'kunena zonse. Ruth anamvetsera mpaka kumapeto, akupeta mphale. Kenako anati, "Miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikukusiyirani mwana. Mumandilandira ndi kumwetulira." Analowa m'nyumba osatsazika.

Loweruka lotsatira nkhani inali itafika paliponse. Esitele anatsikira kudamu atavala kabudula wa mpira wa Jailosi mkati mwa chitenje. Atafika anamasula chitenjecho. Amayi ena atatu amene anabwera anakhala pamthunzi, akuti angoonerera. Kumtunda abambo anaimitsa makeni.

Mayi Consolata anasankha malo osaya, ofika m'chiuno, atayamba ayeza pansi ndi nsungwi.

"Choyamba ndi mpweya. Kokani ndi pakamwa, ikani nkhope m'madzi, tulutsani pang'onopang'ono mpaka madzi achite thovu."

Esitele anayesa, natsamwa, nadzuka akutsokomola, madzi akutuluka m'mphuno.

"Wakunyanja akumwa damu!" anakuwa bambo wina. "Tisiyirenkoni othirira fodya!"

Phwete linamveka mpaka kuzigafa za fodya. Esitele anafuna kutuluka, koma namwino anamugwira dzanja.

"Asiyeni. Amene wakuwayo Lachinayi lija anali kuti? Tsopano gonani chagada. Dzanja langa lili pamsana panu. Makutu alowe m'madzi, maso kumwamba. Mimba kwezani. Musaumitse khosi ngati mwasenza ndowa."

"Ndimira, a nesi! Musandisiye!"

"Pumani bwinobwino. Mukuona chiyani?"

"Mitambo."

"Dzanja ndachotsa kalekale."

Esitele anadzidzimuka, namira, namwanso madzi. Koma anali atamva ndi thupi lake kuti madzi anamunyamula.

Sabata yachiwiri anaphunzira miyendo, atagwira chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. "Miyendo iyambire m'chiuno, osati m'mawondo," ankatero namwino. "Mukupalasa njinga ya yani? Iwongoleni, mapazi alefuke, muzimenya pang'onopang'ono koma mosalekeza." Kenako anafika pa manja. "Zala zigundane, ngati mukukokolola chimanga pamphasa. Dzanja lilowe kutsogolo, mukokere madzi mpaka pantchafu, linalo likubwera. Mutu musadzutse. Mukadzutsa mutu miyendo imamira. Tembenuzirani nkhope kumbali ya dzanja limene likutuluka, mukoke mpweya, mubwezere nkhope pansi."

Kupuma kunamuvuta masabata atatu. Manja akakhoza, miyendo inkaiwala. Pochapa ankapezeka akutembenuza mutu yekhayekha, anzake n'kumagwirana m'mapewa ndi kuseka. Koma amayi a pamthunzi aja anayamba kulowa mmodzimmodzi, wina atavala kabudula wa sukulu wa mwana wake.

Mayi Consolata anawaphunzitsanso china. "Munthu akamamira musathamangire kulowa, ngakhale mutadziwa kusambira. Womira amakakamira, mumira awiri. Gonani chafufumimba pamtunda, mumupatse nsungwi, kapena mumuponyere chigubu chomangirira chingwe. Ndipo mukuwe potchula chimene chachitika: mwana akumira!" Esitele anawerama. Tsiku lija nsungwi zoyanikira zovala zinali pambali pake penipeni.

Kumayambiriro kwa Disembala, mvula yoyamba itagwa, namwino anamuloza chipilala cha pampu, pakati pa damu.

"Mukachigwire, mubwere. Ine ndili pambali panu."

Esitele anapita. Pobwerera mpweya unamuthera, mantha anamugwira. Anatembenuka chagada, nayandama mpaka mtima unakhazikika, kenako anapitiriza. Mapazi atagunda matope anaona Ruth ataima pamtunda, beseni lili pamutu. Sanadziwe kuti wafika nthawi yanji.

"Make Dalitso," anatero Ruth. Aka kanali koyamba kumulankhula. "Loweruka ndibwera naye Yankho."

"Mubwere naye, asisi, ndidzamu..."

"Kwa a nesi. Osati kwa inu."

Esitele anavomera ndi mutu, madzi akuyenderera kumaso.

Zonsezi zinamudyera zambiri. Yankho anagona m'chipatala masiku asanu ndi limodzi ndi chibayo, ndipo nazale ya Ruth inapserera mbali imodzi. Esitele anachotsedwa pa ntchito yoyang'anira ana, anayamba kunyamula keni ngati aliyense, mwana ali kumbuyo. Jailosi anatha milungu iwiri akudya osalankhula. Amayi a kutchalitchi anamuitana Esitele kawiri pa nkhani ya kabudula. Iye anamwanso mapiritsi owawa a likodzo pamodzi ndi onse amene ankalowa m'damu. Pofika nyengo yothyola fodya, amayi asanu ndi awiri ndi ana khumi ndi mmodzi ankatha kuyandama ndi kusambira mpaka pamtunda. Ruth ankamupatsa moni, koma mwana sanamusiyirenso.

Phunziro: Ngati simudziwa kusambira, nenani poyera anthu asanakusiyireni ana pafupi ndi madzi. Pezani wodziwa akuphunzitseni pamalo osaya, inu ndi ana anu, ndipo nsungwi ndi chigubu cha chingwe zizikhala pamtunda nthawi zonse.